Cobbler wa mabuluberi wandikana, thandizeni abale

Anambewe (Indiana): Mwaswera bwanji nonse pa gulu pano. Ine ndabwera ndi mlandu wa kukhitchini. Loweruka tinapita ndi ana ku Michigan, kuchokera ku South Bend kuno ndi pafupi, kuminda ija umalowa wekha ndi ndowa n'kumatchola mabuluberi kenako amakuyezera pa sikelo potuluka. Ndiye mukudziwa mtima wa Mmalawi akaona zipatso zili mbwee mu mtengo, tinatchola mapaundi 12, kuposa makilo 5, osawerengera omwe analowa m'mimba mwa ana. Neba wanga mzimayi wachikulire wa konkuno anati phikani cobbler ndi chosavuta, ndaphika dzulo koma zatuluka ndi manyazi okhaokha, pamwamba papsa bwinobwino mpaka kufiira koma ndikalowetsa supuni pansi pali phala laliwisi ndipo zipatsozo zikusambira m'madzi ngati ndiwo za nyemba zothira madzi alendo atabwera mwadzidzidzi. Ndalakwitsa pati?

Aphiri a ku Joni: Pepani mlamu ndafufuza pa foni mawu amenewa akundionetsa munthu wosoka nsapato kkkkk mwaphika chani kwenikweni?

Anambewe (Indiana): Alamu musayambe, ndili ndi chisoni ine

Make Tadala (Leeds): Kkkkk a Phiri. Ndi chakudya cha ku America icho, zipatso pansi ndiye pamwamba mumaponyapo timibulu ta mtanda ngati wa masikono n'kuika mu uvuni. Kuno ku UK chomwe amakonda ndi crumble, pamwamba pake amawaza fulawa yofikisa ndi batala ndi shuga yokhala ngati mchenga, koma ndi pachibale. Achemwali tiuzeni kaye mmene munachitira kuyambira poyamba, musabise kalikonse.

Anambewe (Indiana): Chabwino. Ndinatsuka mabuluberi makapu 6 n'kuthira m'mbale ya galasi ija yakuya ndimaphikiramo makaroni, shuga kapu imodzi, basi. Mtanda ndinapanga fulawa, shuga, batala wosungunula, mkaka ndi bekingi pauda, ndinakanda bwinobwino mpaka kusalala ndiye ndinautambasula n'kuvindikira mbale yonse mpaka m'mbali kuti zioneke zaukhondo. Uvuni 350, mphindi 25 ndinaona pamwamba pafiira ndinatulutsa, ana anali atazungulira kale ndi masupuni ndiye tinagawa pompo.

Make Tadala (Leeds): Mayo ine. Achemwali mwalakwitsa malo anayi pa ulendo umodzi kkkk

Nagama: 350?? Simunayatse nyumba?

Anambewe (Indiana): Ayi mphwanga kuno amawerenga Fahrenheit, 350 yawoyi ndi ngati 180 ya kwathu

Nagama: Ohoo ndinadabwa

Make Tadala (Leeds): Ndiyambe ndi madziwo. Buluberi ndi kathumba ka madzi, kakatentha kamaphulika, ndiye makapu 6 akaphulika onse ndi dziwe limenelo. Pamafunika konifulawa, masupuni akulu awiri pa makapu 6 amenewo, mumasakaniza kaye ndi shuga wouma kuti isachite mibulu kenako n'kuwaza pa zipatso. Koma nkhani yaikulu ndi iyi, konifulawa sagwira ntchito ngati madziwo sanawire. Ndi chimodzimodzi phala, ufa ukangokhala m'madzi ofunda ndi madzi a ufa basi, mpaka libwate ndi pamene limalimba. Ndiye musamayang'ane kufiira kwa pamwamba, muziyang'ana ngati msuzi wofiirira uja ukubwata, osati m'mbali mokha ayi koma pakati penipeni pa mbale, thovu lake lizituluka mwaulesi ngati phala la mgaiwa likamapsa. Inu munatulutsa m'mbali mutangoyamba kutentha pakati pakadali pozizira.

Anambewe (Indiana): Zoona pakati panalibe thovu lililonse

Make Tadala (Leeds): Chachiwiri mwavindikira mbale yonse. Nthunzi ituluke kuti? Imangobwerera pansi pa mtanda n'kuunyowetsa, ndi phala laliwisi mukunenalo. Mtanda mumatapa ndi supuni n'kumaponya apa ndi apo, mipata izioneka, chimafunika chioneke chosalongosoka chonchobe. Chachitatu mwakanda ngati mandasi. Chachinayi simunadikire kuti chizizire, msuzi umamaliza kulimba chikakhala panja mphindi 20 kapena 30.

Aphiri a ku Joni: Ndiye kuti pa zinthu zonse mlamu anakhoza kutsuka kokha

Make Tadala (Leeds): Nakonso ndikukayika ngati anaumitsa kkkk

Anambewe (Indiana): Sindinaumitse. Ndichotseni pa gulu basi

Aunt a ku Area 25: Ana inu mwandidzutsa ndi mafoni akulira. Nambewe mwana wanga usadandaule, ine sikono yanga yoyamba bambo ako aang'ono anaiponyera galu, galu anainunkhiza n'kuchokapo. Koma pa kukanda paja Make Tadala wanena zoona. Mtanda wa masikono sufuna manja ambiri. Batala akhale wozizira wochokera mu furiji, umudule timabenthu, uzifikisa ndi nsonga za zala mu fulawa mpaka zikhale ngati nyenyeswa za buledi, tina tikatsala tokula ngati nsawawa usavutike nato, timeneto ndi tomwe timasungunuka mu uvuni n'kusiya timipata, sikono n'kukhala yofewa. Ukathira mkaka uzingotembenuza ndi foloko kangapo fulawa youma ikangosowa basi siya. Ukakanda kwambiri umadzutsa ulimbo wa mu tirigu, zimenezo n'zabwino pa buledi ndi mandasi koma apa zikupatsa chikopa.

Anambewe (Indiana): Zikomo aunt, ndiye batala wosungunula uja ndinalakwitsanso?

Bambo a Yamikani (Atlanta): Ndilowererepo apa chifukwa mukumunamiza mlongo wanga. Batala wosungunula si mlandu. Kuno kummwera cobbler yemwe ndadya m'nyumba za anthu ndi ku tchalitchi sakhala ndi masikono pamwamba. Amatenga batala ndodo imodzi, ndi magalamu 113, kumusungunula m'mbale momwemo mu uvuni. Pambali amasakaniza kapu ya self-raising, kapu ya shuga, kapu ya mkaka, zimakhala zamadzimadzi ngati za mapankeke, kuthira pamwamba pa batala uja OSATAKASA, kenako kuwaza zipatso pamwamba, osatakasanso. Mu uvuni mtanda uja umakwera wokha kudutsa zipatso n'kuzikwirira, m'mbali mumapsa mokhuthuka mwa batala. Kuno ku Georgia amakonda wa mapichesi koma mabuluberi amalimanso kwambiri m'boma lino ndiye amapanga chimodzimodzi. Mwana wa zaka 10 atha kuphika.

Make Tadala (Leeds): Achimwene imeneyo ndi keke yonyowa, tisanamizane

Bambo a Yamikani (Atlanta): Inu a ku Leeds mukudziwa chani za cobbler, dikirani tikamakamba za tiyi ndi mvula tikuitanani

Make Tadala (Leeds): Kkkkkk mwandipweteka. Koma kapu yathunthu ya shuga pa kapu imodzi ya fulawa, a dokotala anu akudziwa?

Bambo a Yamikani (Atlanta): Ine ndimachepetsa kufika theka ndi pang'ono, madamu amandiyang'anira. Koma njira yake ndi yomweyo ndipo zipatso zimachepa, makapu awiri kapena atatu basi osati 6, n'chifukwa chake safuna konifulawa, mtanda womwewo umamwa msuzi.

Anambewe (Indiana): Achimwene ine vuto langa ndi loti zipatso zachuluka, furiji yadzadza mpaka ndiwo zikusowa pokhala, ndiye njira yodya makapu 6 pa kamodzi ndi yomwe ikundithandiza. Yanuyo ndiyesa ulendo wina.

Nagama: Funso langa ine, zimakoma bwanji zipatso zimenezi? Ndimangoziona mu shopu muno mu Blantyre mu timabokosi tating'ono ta pulasitiki, ndikaona mtengo ndimabweza mwaulemu ngati ndagwira mwana wa eni

Aphiri a ku Joni: Kuno timabokosi timeneto ndi ta magalamu 125, nyengo ino ndi yomwe amayamba kutsika mtengo chifukwa akukolola konkuno, ku Western Cape ndi ku Limpopo amalima ambiri otumiza kunja. Anzathu a ku Zimbabwe nawonso alowamo kwambiri mu ulimi umenewu, ku Zambia aliponso. Kukoma kwake mlongo musayembekezere zambiri, akakhala aawisi ndi kutsekemera pang'ono kuwawasa pang'ono, sangafike pa masuku. Koma makapu 6 a mlamuwo ndawerengera ndi timabokosi 7, ine ndingaphike zimenezo pokhapokha abwana atandiwonjezera malipiro

Anambewe (Indiana): Akaphikidwa amasintha alamu, fungo lake limadzadza nyumba yonse. Koma omwe tatchola ifewa ndi owawasa ndithu, mwini munda anati ndi mtundu wotchedwa Elliott, umapsa kumapeto kwa nyengo, otsekemera kwambiri aja amatha mu July ndi kumayambiriro kwa August. Ife tinachedwa, tapita nyengo ikutseka

Make Tadala (Leeds): Owawasawo ndiye abwino kuphika. Shuga theka la kapu akwana, kapu yonse ija munachulutsa ndipo shuga naye amakoka madzi mu zipatso. Mulawe kaye musanathire. Mukanakhala ndi otsekemera aja ndikanati mufinyiremo ndimu supuni imodzi, koma apa ingopalani khungu la ndimu pang'ono, lachikasu lokhalo osafika poyera powawa paja, ndi kamchere kotsina ndi zala.

Mphunzitsi: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Pang'ono chabe za mbiri, chipatsochi kwawo ndi ku North America komweko, eni dziko ankatchola cha m'tchire n'kumaumitsa kalekale azungu asanafike. Kulima m'munda kunayamba mochedwa, ku New Jersey, mayi wina Elizabeth White mogwirizana ndi katswiri wa zomera Frederick Coville, zokolola zoyamba kugulitsa zinali mu 1916. Chomwe Coville anatulukira n'choti mtengowu umafuna dothi la asidi wambiri, anthu ankaubzala m'dothi labwino la m'dimba n'kumafa. Ndiye amene mukuganiza zobzala kuseri kwa nyumba ku Area 25 dziwani zimenezo.

Aphiri a ku Joni: Sir afika, tulutsani makope

Mphunzitsi: Mayeso Lachisanu a Phiri

Aunt a ku Area 25: Ine zobzala ayi, ndili ndi mtengo wa mabulosi kuseri kuno wayamba kupsa, ana a maneba akungokwera mpanda milomo ili bii, zovala pa chingwe mbalame zandithimbiriritsira zonse. Ndiye ndimati kodi mabulosi sangalowe m'malo mwake? Mtundu ndi womwewo ukaphika

Make Tadala (Leeds): Angalowe bwino kwambiri aunt! Kungoti mabulosi akapsa kwambiri amatsekemera mopanda mchere, ndiye pamenepo ndimu ndi wofunika, kapena musakanizemo ofiira aja osapsetsa pang'ono. Ndipo muchotse timapesi tobiriwira tija, ndi ntchito yotopetsa koma mukasiya timakhala ngati tiulusi m'kamwa. Potsuka muwaviike m'beseni mwaulemu osawatsegulira mpopi, amaphwanyika.

Nagama: Ndiye masitiroberi a pa phiri la Zomba aja anyamata amagulitsa m'mbale m'mbali mwa msewu wokwera ku Ku Chawe? Amakhalanso ndi tina tachikasu tija

Make Tadala (Leeds): Amenewo madzi ndi ambiri kuposa, muwonjezere konifulawa. Koma ine masitiroberi ophika sindiwakonda amafooka n'kutuwa, bola kudya choncho. Mudikire mapichesi a ku Dedza kapena mango a Disembala, cobbler wa mango ndinapangapo ndi a m'chitini kuno anthu anatsuka mbale ndi zala

Aunt a ku Area 25: Konifulawa ndilibe koma kasitadi pauda alipo

Make Tadala (Leeds): Ndi yemweyo aunt, kasitadi wa pauda ndi konifulawa wothira mtundu ndi fungo la vanila. Thirani muyezo womwewo

Aunt a ku Area 25: Basi mawa ndiyesa. Koma magetsi kuno sitipangana nawo, akhoza kuzima chinthu chili pakati ndiye ine ndiphika pa mbaula mmene ndimaphikira chigumu. Makala ochepa pansi, ambiri pa chivindikiro

Bambo a Yamikani (Atlanta): Aunt mukatero ndiye mwaphika weniweni. Anthu a kuno akapita kogona kutchire amaphika cobbler mu mphika wachitsulo wolemera uja amati Dutch oven, makala pansi makala pamwamba, ndendende chigumu. Zinayambira komweko kwa anthu opanda uvuni

Nagama: Ndiye kuti azungu anatibera luso kkkk

Aunt a ku Area 25: Chenjezo kwa amene atengere njira yanga, pansi pakhale makala owerengeka, shuga wa mu zipatso sachedwa kupserera ndipo akapserera poto wake mukwecha mpaka Khirisimasi. Ine ndimaika mchenga mu sefuliya yaikulu n'kukhazika mbale ya zipatso pamchengapo, moto sufika mwaukali

Anambewe (Indiana): Make Tadala ndilembereni zonse pamodzi chonde, mauthenga achuluka ndasokonezeka, ndikufuna ndiyesenso madzulo ano ndikaweruka

Make Tadala (Leeds): Chabwino. Uvuni 200, kwanuko 400. Mbale ikhale yotakata yosaya, ija ya makaroni isiyeni. Mabuluberi makapu 6 otsuka ndi kuumitsa pa kansalu, shuga theka la kapu, konifulawa masupuni akulu 2, khungu la ndimu, kamchere. Lowetsani zipatso zokhazo kaye mphindi 15 ziyambe kutentha, chinsinsi chake n'chimenechi chifukwa mtanda ukagwera pa zipatso zotentha umayamba kupsa ndi pansi pomwe. Zili mu uvunimo pangani mtanda, fulawa kapu imodzi ndi theka, shuga masupuni akulu 3, bekingi pauda masupuni a tiyi 2, mchere theka la supuni ya tiyi, batala wozizira magalamu 85, mufikise mmene anenera aunt, ndiye buttermilk makota atatu a kapu. Tulutsani mbale, ponyani mtanda ndi supuni milu 8 kapena 9 mosiya mipata, wazani kashuga pamwamba, bwezerani mphindi 20 mpaka 25. Muone thovu pakati, ndipo tukulani mulu umodzi wa pakati ndi foloko musuzumire kunsi kwake, kukakhala konyowa bwezerani, pamwamba pakafiira msanga phimbani ndi foyilo momasuka. Pansi pa mbale ikani thireyi chifukwa msuzi umasefukira ndipo ukapserera pansi pa uvuni alamu ya utsi ikuitanirani maneba.

Aunt a ku Area 25: Buttermilk ndiye chani, si chambiko chimenecho?

Make Tadala (Leeds): Chambiko chomwecho aunt, a Phiri kwanuko amasi. Amene alibe afinyire ndimu mu mkaka adikire mphindi 10

Nagama: Bekingi pauda akasowa soda sangachite? Uja wa thelere

Make Tadala (Leeds): Mphwanga ndinayesapo pa mamafini a mabuluberi, ndinathira soda wodzadza supuni ndi mkaka wamba, potuluka kuzungulira chipatso chilichonse kunali kobiriwira ngati nkhungu, Tadala anakana kudya ati amami zaola, kulawa ngati sopo. Soda amafuna chowawasa choti alimbane nacho, ndi chambiko zitheka koma pang'ono kwambiri, theka la supuni ya tiyi osapitirira

Mphunzitsi: Kubiriwirako ndi mtundu wa m'khungu la chipatso, anthocyanin, umasintha malinga ndi asidi. Mu zowawasa umafiira, mu soda umapita ku buluu mpaka kubiriwira. Mabulosi a aunt achitanso chimodzimodzi

Aphiri a ku Joni: Izi zibweranso pa mayeso Sir?

Anambewe (Indiana): Zikomo nonse, otsalawo ndiwayala pa thireyi mu firiza osatsuka, akauma gwa ndithira m'timatumba, neba wandiuza choncho kuti asagwirane chibulu chimodzi. Ndibwera ndi lipoti

Anambewe (Indiana): Abale!!! Zatheka. Kwanuko ndikudziwa ndi pakati pa usiku koma sindingadikire. Ndatukula wa pakati ndi foloko mmene munanenera, kunsi kunali kouma kofewa ngati sikono ya aunt, kwangonyowa ndi msuzi pang'ono pokhudzana ndi zipatso. Mphindi 25 sizinakwane uvuni wanga ndi waulesi, zatenga 32. Kudikira kuti chizizire ndiye inali nkhondo, wamng'ono uja anakhala pa mpando kuyang'anizana ndi mbale ngati mlonda, kufunsa mphindi iliyonse. Msuzi walimba ukuyenda pang'onopang'ono pa supuni ngati uchi. Ndinaiwala thireyi ija pansi ndiye alamu inalira ndithu, bambo a kuno anathamanga ndi thaulo kukupiza

Bambo a Yamikani (Atlanta): Mwathira aisikirimu pamwamba? Popanda ameneyo simunamalize

Anambewe (Indiana): Wa vanila achimwene, ndipo neba uja ndamupatsira mbale yake wati next time ndichepetse ndimu, ine ndangoti chabwino koma sindichepetsa

Make Tadala (Leeds): Ndadzuka ndi nkhani yabwino. Kuno tikanathira kasitadi wotentha koma musawauze a ku Atlanta

Aunt a ku Area 25: Nane lipoti langa. Mabulosi ndinatchola m'mawa mbale imodzi yaikulu, kuchotsa timapesi kwanditengera ola lathunthu zala zili bii mpaka pano ndipo madzulo ndili ndi msonkhano wa amayi ku tchalitchi, kaya ndikapereka moni bwanji. Batala ndinalibe ndathira majarini wa Stork nditamuika kaye mu furiji. Pa mbaula zatenga mphindi ngati 40, makala a pamwamba ndinasintha kamodzi. Mbali imodzi yapserera pang'ono komwe kunali mphepo, ndinaiwala kutembenuza sefuliya. Koma kukoma kwake ana inu. Bambo anu aang'ono adya kawiri kenako akufunsa kuti jamu wa pansiyu mwagula kuti

Nagama: Aunt ndikubwera weekend ino musamalize mabulosi

Aunt a ku Area 25: Uwauze ana a maneba ndi mbalame, ine ndilibe ulamuliro pa mtengo umenewu

Aphiri a ku Joni: Ine ndagula timabokosi tiwiri pobwera ku ntchito, a ku Atlanta nditumizireni njira yanu ija ya osatakasa ku inbox, ya masikonoyi yandichulukira. Funso limodzi, chivindikiro cha poto chingalowe mu uvuni ngati chili ndi chogwirira cha pulasitiki? Mbale ya galasi ndilibe

Make Tadala (Leeds): A PHIRI AYI

Aphiri a ku Joni: Mochedwa mlongo, koma ndatsegula mawindo